Mboni ndi Adzukulu a kwa Nakhwiri

Mukafika pa Boma ku Phalombe n'kufunsa ofesi ya oyimira boma pa milandu, aliyense akulozerani. Koma kachipinda ka mayi Nampinga amakadziwa ndi okhawo amene analirapo m'menemo. Kali kuseri, moyang'anana ndi thanki imene inasiya kusunga madzi kalekale. Pachitseko analembapo Chingerezi chachitali, chonena kuti muno ndi mothandizira mboni ndi anthu ochitiridwa nkhanza, ndiponso kuti mayi Nampinga ndiwo mkulu wa nthambiyo. Mkulu! Mkulu wa yani? Nthambi yonseyo ndi iwo okha, benchi limodzi, fulasiki ya tiyi, ndi chitenje chimene anapachika pawindo kuti ana obwera kudzapereka umboni asamaone amene anawapweteka akudutsa panja.

Dzina lawo ndi Aliness. Anabadwira cha ku Kaduya konkuno, m'banja la alimi a nandolo ndi chinangwa, agogo awo atachita kuwoloka kuchokera ku Mozambiki mtolo uli pamutu. Sukulu anaiyamba mochedwa n'kuimaliza mokakamira. Anakwatiwa ndi a Ephraim, mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mwana wawo woyamba anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe. Pa maliro amenewo mayi Nampinga sakumbukira ulaliki kapena nyimbo. Chimene chinawakhala mumtima ndi kulira kwa makasu kumanda m'mamawa, anthu akukumbira mwana wawo popanda wowapempha. Tsiku limenelo anadziwa kuti sali okha padziko.

Ntchito yawo n'njosavuta kuifotokoza. Munthu amene waona choipa afike kukhoti, aime, anene zimene anaona, basi. Koma tayesani muone. Lero mlandu waimitsidwa chifukwa woweruza ali kumsonkhano. Mwezi wamawa galimoto yokatenga woimbidwa mlandu ilibe mafuta. Mboni yachoka kwawo tambala asanalire kachiwiri, yafika miyendo ili mbuu, n'kuuzidwa kuti ibwerenso. Kumunda udzu sudikira khoti. Ndiye mayi Nampinga amakwera kabaza, atavala chitenje chakutha ngati munthu wopita kukaona odwala, n'kukakhala pamphasa ndi mboniyo, kuyankhula nayo Chilomwe, kutafuna nayo nyemba za kalongonda, mpaka mtima wake utabwerera m'malo. Ndipo potsanzikana panali mawu amene sankawaiwala: "Musaope, boma lili kumbuyo kwanu." Anawanena kwa zaka zambiri, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ankawakhulupirira.

Tikondwe anabwera m'kachipindako nyengo ya dzinja, atagwira dzanja la kamtsikana kake, Praise. Anachokera kwa Nakhwiri, mudzi wa m'chigwa kumene amalima mpunga. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii, ndiye pakhomo anatsala atatu: iye, mwanayo, ndi mayi ake okalamba, a Rosemary.

Nkhani yake inali yotere. Mphenzi inapha mnyamata wina wa m'mudzimo, Noah, ali m'munda wa mpunga. Mkulu wake wa Noah, dzina lake Goliati, anati mphenzi imeneyo yachita kutumizidwa, ndipo woitumiza ndi a Rosemary, poti anakanganapo ndi malemuyo za malire a munda. Masana, dzuwa lili paliwombo, anawakoka gogoyo m'nyumba n'kuwamenya ndi mpini wa khasu mpaka anakomoka. Mudzi wonse unalipo. Amayi anaima ana ali kumsana, abambo manja ali kumbuyo. Koma apolisi atafika, eee, aliyense anali kumunda tsiku limenelo! A Rosemary anatuluka m'chipatala mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, osatulutsanso liwu. Wotsala woti n'kunena zimene zinachitika anali Tikondwe yekha. Iye akakhala chete, Goliati analibe mlandu.

"Amayi, ine ndikuopa," anatero Tikondwe tsiku loyambalo. "Munthuyu atuluka pa belo. Madzi timatunga pa mjigo umodzi ndi mkazi wake."

"Amake Praise, tandiyang'anani," anatero mayi Nampinga. "Mukakhala chete, mawa amenyanso nkhalamba ina. Musaope, boma lili kumbuyo kwanu."

Tikondwe anapirira, ndipo tinene zoona, anapirira kuposa amuna ambiri. Anthu anasiya kumupatsa moni. Nkhuku zake zinayamba kusowa. Mlandu unaimitsidwa, n'kuimitsidwanso, mpunga unakololedwa, koma tsiku lililonse la khoti iye ankapezeka pabenchi lija, Praise ali pambali pake akuviika chala mu shuga wa mayi Nampinga poganiza kuti sakumuona. Oyimira boma pa mlanduwo, a Pius, mnyamata wa ku Dowa wotopa msanga ndi ntchito koma wamtima wabwino, ankati akanakhala ndi mboni zotere zisanu, bwenzi ndende itadzaza. Pomaliza khoti linanenetsa kuti sabata yotsatirayo Tikondwe aima ndithu, sipakhalanso zozengereza.

Ndiye m'kati mwa sabata imeneyo, mwezi wa Okutobala, kutentha kochita kuwawula, foni ya mayi Nampinga inalira m'mawa. Anali Tikondwe, mawu ake ouma gwa.

"Amayi, Praise watisiya dzana. Malungo."

"Mayo ine! Mwana uja? Ndiye mwaika dzulo osandiuza?"

"Sitinaike. Ali m'nyumba muno."

Mayi Nampinga sanafunsenso. Anatseka kachipinda kawo n'kuthamangira pamene pamaima akabaza.

Munthu wobadwira kuno amadziwa maliro asanafike pakhomo pake. Pamsewu pamakhala masamba oti oyenda atsike panjinga. Amayi amandandalika ndi nkhuni ndi timabeseni ta ufa, abambo amakhala pansi pa mitengo, ndipo adzukulu, amuna aja amene amakumba manda ndi kunyamula bokosi, amakhala atalawirira kale kumanda. Kwa Nakhwiri tsiku limenelo kunalibe tsamba ngakhale limodzi pamsewu. Ana ankasewera mpira. Mayi wina ankapeta mpunga pakhonde, ndipo ataona mlendoyo akutsika panjinga anatembenuka n'kumupatsa msana.

Pakhomo pa Tikondwe mayi Nampinga anapezapo munthu mmodzi yekha panja, amalume ake a Amosi, mwini mbumba, nkhalamba yopindika msana. Anagwada n'kuwapepesa.

"Anthu ali kuti, bambo?"

"Ali m'nyumba zawo," anatero a Amosi. "Adzukulu akuti makasu awo ndi oguluka."

"Oguluka? Onse?"

"Onse. Akuti akhala oguluka mpaka nkhani ya kukhoti itatha. Kodi simudziwa kuti mkulu wa adzukulu m'mudzi muno ndi Goliati? Akuti munthu amene akufuna kumutumiza kundende, ndiye kuti adzukulu alibe nawo ntchito."

Miyezi yonseyi mayi Nampinga anafunsa za mjigo, za njira yopita kumsika, za chitseko ngati chili ndi loko. Za amene amakumba manda sanafunse, iwo, mwana wobadwira m'chigwa chomwechi!

"Nanga amfumu?"

"Malo apereka. Akuti iwo amapereka malo, sagwira khasu."

"Atchalitchi?"

"Akuti tikawauze nthawi ya mwambo, abwera. Nthawi yake iti popanda dzenje? Ndipo amayi oimbawo amuna awo ndi adzukulu omwewo." A Amosi anayang'ana manja awo. "Ndikanakumba ndekha, mwanangu, koma mwini maliro sakumba. Ndipo msanawu mukuuona."

Mayi Nampinga anapita kuseri kwa nkhokwe n'kuimbira a Pius. Anayankhula mofulumira, mawu akugundana. A Pius anamvetsera, kenako anausa moyo.

"Amayi, kumeneko n'kuopseza mboni, n'zoona. Tikhoza kupempha khoti limuchotsere belo. Koma kodi wanena yekha ndi pakamwa pake? Alipo amene angabwere kudzachitira umboni kuti anamumva?"

"Palibe."

"Ndiye timanga yani? Palibe lamulo lokakamiza munthu kukumba manda. Ndipo ngakhale titamutenga lero, otsalawo ndiye aumiratu mtima. Ndiyesa kupeza galimoto mawa."

Mawa! Kunja kukutentha chonchi, mawa!

Mayi Nampinga analowa m'nyumba. Fungo linawalandira pakhomo pomwe, ndipo anadzida okha chifukwa dzanja lawo linafuna kupita kumphuno. Praise anagona pamphasa atafunditsidwa chitenje, timapazi tokha tikuonekera. Pambali pake panakhala a Rosemary, atatsamira khoma, dzanja lawo lamoyo lija likuingitsa ntchentche pamwamba pa mdzukulu wawo, osapuma. Tikondwe anali pakona, maso ouma. Misozi inali itamuthera dzana.

Mayi Nampinga anakhala pansi n'kulira iwo. Atatha anapukuta nkhope, n'kuyamba ntchito yawo, poti china chimene ankadziwa panalibe.

"Amake Praise, mverani. Ndikhoza kubwera ndi anyamata a pa Boma adzakumbe."

"Alendo alowe kumanda kwa eni? Awathamangitsa ndi miyala. Ndipo akakumba, anyamule ndani? Aimbe ndani?"

"Ndiye timutengere ku Boma. Kuli manda kumeneko."

Tikondwe anapukusa mutu. "Mwana wanga akagone pakati pa anthu osawadziwa, ngati wakuba wofera m'manja mwa apolisi? Agogo anga onse ali apa, kuseri kwa mitengo iyo. Chabwino, timutengere. Nanga awa?" Analoza a Rosemary ndi mutu. "Awa atsala pang'ono. Mudzawatengeranso ku Boma? Nanga ine? Inu mukapuma pa ntchito, adzandinyamule ndani?"



"Ine mutu waima, amayi," anapitiriza Tikondwe, mawu ake ali pansipansi. "Amalume akuti ndigonje. Mtima wanga ukuti ndikagonja ndawagulitsa amayi angawa. Inu ndi amene mwandiyendetsa njira yonseyi. Munati boma lili kumbuyo kwanga. Ndatembenuka dzana, ndatembenuka dzulo, ndaona inu nokha lero. Ndiye nenani inuyo. Mukati ndipirire, ndipirira, mwanayu aolere m'nyumba muno. Nenani."

Abale inu, pali mafunso ena oti munthu asamafunsidwe. Mayi Nampinga anayang'ana gogo uja, pakamwa popotoka paja, ndipo anaona mpini wa khasu ukutsika. Anayang'ana timapazi tija, ndipo anamva makasu a m'mawa uja wa kalekale, akukumbira mwana wawo. Mlandu umenewu anauyendera pafupifupi chaka chathunthu. Unali mlandu woyamba wa nkhalamba yonamiziridwa ufiti umene anaufikitsa pafupi chonchi, ena onse ankafera m'njira. Ntchentche ina inatera pachala cha mwanayo, ndipo dzanja la a Rosemary linachedwa kuifikira.

Mayi Nampinga anaimirira n'kumanga chitenje chawo bwinobwino.

"Khalani pompo," anatero. "Inu musapite kukagwadira munthu ameneyo. Ndipita ndine."

Adzukulu sanali kutali. Anakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo, akusewera bawo, ndipo makasu awo oguluka aja anali atatsamira tsinde, onse ali bwinobwino m'mipini yawo. Goliati anali pakati, bambo wa thupi lochepa, wa nkhope yoti mukakumana naye kutchalitchi mukhoza kumupatsa mwana kuti akunyamulireni. Mayi Nampinga, mkulu wa nthambi, munthu wa boma, anagwada pafumbi monga amachitira mkazi wobwera ndi pempho.

"Takulandirani, amayi," anatero Goliati mwaulemu wonse. "Kwagwanji?"

"Mukudziwa chimene chagwa. Ndabwera kudzapempha makasu."

"Aaa, makasu athu ndi ovuta masiku ano."

"Amake Praise sanaone kanthu tsiku lija," anatero mayi Nampinga, akuyang'ana pansi. "Kunali fumbi. Akanena zomwezo kukhoti."

Amene ankasewera bawo anasiya. Goliati anakanda chibwano.

"Amenewo ndi mawu a ndani? Mkazi yekha amatha kusintha maliro akatha. Ife tikufuna mawu a boma."

Mayi Nampinga anakweza maso. Akanakhala ndi mphamvu akanamulavulira.

"Kuno boma lake ndi ine ndemwe," anatero. "Mwamva."

Goliati anaimirira, n'kuvula chipewa. "Pepani ndi zovutazi, amayi. Mwana uja anali wa tonse." Anatembenukira anzake. "Anyamata, dzuwa lapita."

Zimene zinachitika kenako n'zimene mayi Nampinga amalephera kuwafotokozera a Ephraim mpaka lero. Asanafike n'komwe pakhomo pa Tikondwe, ana anali akuthyola masamba n'kumaika pamsewu. Zitseko zinatseguka. Mayi wopeta mpunga uja anatulukira ndi mtolo wa nkhuni umene unaoneka kuti unamangidwa kale dzana, akulira mokweza, ndipo kulira kwake sikunali kwachinyengo ayi. Analira zenizeni, onsewo, anagubuduka pafumbi, poti Praise ankamukonda, ankasewera ndi ana awo. Amayi achikulire analowa kukasambitsa mtembo. Bokosi linabwera. Ndipo kuseri kwa mitengo kunayamba kumveka makasu, khu, khu, khu, m'dothi louma la Okutobala. Kulira komwe kuja kumene kunawatonthoza pa maliro a mwana wawo, tsiku limeneli sanafune kukumva.

Praise anaikidwa dzuwa litapendeka, pafupi ndi agogo a amayi ake. Goliati ndiye anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi, ndipo analigoneka mosamala kwambiri.

Tsiku la khoti Tikondwe anabwera, mutu wometa, atavala zakuda. Anaima, analumbira, n'kunena kuti kunali fumbi lambiri, anthu anali piringupiringu, ndipo sanaone amene anagwira mpini. A Pius anamufunsa mwa njira iyi, mwa njira iyo, anamuwerengera zimene ananena kupolisi, koma iye anangoti, "Ndinali wosokonezeka, bwana." Sanayang'ane kumene kunakhala mayi Nampinga. Woweruza anati palibe umboni woti woimbidwa mlandu ayankhepo, ndipo Goliati anatuluka, n'kukwera minibasi imodzi ndi Tikondwe, poti yopita kwawo inali yomweyo.

A Pius anabwera ku kachipinda kaja masana, n'kuima pakhomo.

"Ndamva kuti munapita pansi pa mtengo wa mango."

"Ndinapita."

"Mukudziwa kuti zimene munachitazo ndi mlandu?"

"Ndikudziwa. Nditsegulireni mlanduwo, mboni zilipo mudzi wonse."

A Pius anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kukhala pabenchi. Kenako anabwerera ku ofesi yawo, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

A Rosemary akadali moyo. Amawatulutsa pakhonde m'mawa kuti awothe dzuwa, ndipo akuti Goliati akamadutsa popita kumunda amawapatsa moni wa Chilomwe, "Mosheliwa, anganga," khasu lili paphewa. Gogoyo amangomuyang'ana. Tikondwe anthu anayambanso kumuyankhula pamjigo, nkhuku zake sizisowanso. Foni ya mayi Nampinga sayankha, ndipo iwo samuimba mlandu.

Ntchito sanasiye. Asiye apite kuti, zaka zopuma zili pafupi? Amatsegulabe kachipinda kawo m'mawa uliwonse, amadzazabe fulasiki, chitenje chija chikadali pawindo ngakhale chinachita kuyera ndi dzuwa. Koma a Ephraim akuti mkazi wawo masiku ano akamva kuti kwagwa maliro amapita mochedwa, manda atakumbidwa kale.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, dzina lake Annie, diso lili lotupa. Anaona mlamu wake akuotcha nyumba ya apongozi ake, ndipo atayesa kuletsa analandira chibakera. Anakhala pabenchi lija, pamalo pomwe pankakhala Tikondwe, akupotokola nsonga ya chitenje chake.

"Amayi, ine ndikufuna kunena zonse," anatero. "Koma ndikanena, munditeteza?"

Mawu akale aja anafika okha pamilomo ya mayi Nampinga, monga ankachitira zaka zonsezi, koma anawameza. Anathira tiyi m'kapu, anaika shuga, anatakasa nthawi yaitali kuposa mmene shuga amafunira. Kenako anamupatsa kapuyo n'kukhala naye pafupi.

"Tiyambe ndi ichi, achemwali," anatero. "Kwanuko amakumba manda ndani?"